Si Maso Anga, Ndi Tayirodi

Lamlungu, 5 Okutobala

Bwalo pabalaza. Woimbidwa mlandu: ine, mwini nyumba, pampando wanga womwe.

Mlandu wake: Lachisanu ndinakhula chipilala cha geti polowa ndi galimoto. Mbali yakumanzere. Indiketa phwa, penti yasupuka pang'ono, mazira omwe anatsala osagulidwa asanduka madzi kumbuyo. Basi. Palibe wafa. Koma akazi anga anathamangira foni kuuza Wachisamba, mwana wathu woyamba. Ndiye lero wabwera ndi mwamuna wake, nkhope za pamaliro onse awiri.

Mkamwini, tayi pakhosi ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Ati, "Bambo, sikuti tikukuderani, koma msinkhu ndi msinkhu. Galimotoyi tiigulitse. Mazira azidzatenga wanjinga yamoto." Wachisamba maso pansi: "Ababa, maso anu aja."

Maso anga atani?

Moyo wanga wonse ndayendetsa malole. Ngolo kumbuyo, mapiri, matope, milatho yopapatiza ngati lilime la njoka. Sindinapondepo ngakhale nkhuku ya munthu. Lero kagalimoto aka, konyamula mazira ndi chakudya cha nkhuku, kandikanike pageti panga pomwe?

Ndawauza kuti vuto ndi chiwongolero. Chikugwedera. Galimoto ikukokera yokha kumanzere, pamabampu ikulira gu gu kutsogolo. Ndi tayirodi imeneyo, chitsulo cholumikiza chiwongolero ndi tayala. Mkamwini kumwetulira ngati akumvera mwana. Tayi yomwe amaidziwa iye ndi yapakhosiyo.

Akazi anga kumangopukuta tebulo loyera kale.

Sindigulitsa.

Lolemba, 6 Okutobala

M'mawa kwa makaniko. Waikweza pajeke, wagwira tayala ndi manja awiri, uku ndi uku. Gwede gwede, ngati dzino la nkhalamba. Kumanzere kwambiri, kumanja pang'ono. Ati ndi tayirodi zamkati, zija zobisala m'labala zomwe zimamangidwa pa raki, chitsulo chachitali chomwe chiwongolero chimakankha uku ndi uku. Iwo amati marakendi. Zatha zonse ziwiri.

Ndinatsala pang'ono kumunyamula. Galu wamkota sakandira pachabe!

Kenako wadziwonongera yekha. "Madala, isiyeni pompano. Abwana anena kuti ikabwera tisaitulutse, pali munthu akufuna kudzaiona." Abwana ake ati? Mkamwini. Anamuimbira dzulo lomwelo, mbale za kunyumba kwanga zisanaume.

Ndati tsitsa galimoto yanga. Ati madala musapse mtima. Ndati tsitsa. Watsitsa.

Ndikonza ndekha, pakhomo panga. Sipanala ndinaigwira iyeyo asanamere mano.

Kwa wamasipeya: marakendi awiri, malabala awiri, girizi, mapini atsopano. Atatchula mtengo ndinayamba ndakhala pabenchi. Ndalama za chakudya cha nkhuku zalowa mmenemo. Akazi anga sanadziwebe. Adziwa nkhuku zikayamba kudandaula.

Lachiwiri, 7 Okutobala

Galimoto pasimenti, kuseri kwa khola. Ndimati ndiikhazike panjerwa. Akazi anga: "Mukalowa pansi pake ili panjerwa, ine ndikupita kwa mchemwali wanga. Umasiye sindinaukonzekere." Ndiye kwa aneba athu owotcherera zitsulo, kukabwereka masitandi, miyendo yachitsulo yokhazikapo galimoto. Aneba abwera nawo okha, ati afuna aone ndi maso awo nkhalamba ikuchita opaleshoni.

Manati a matayala kumasula galimoto ili pansi. Jeke. Masitandi. Miyala kumatayala akumbuyo. Matayala onse awiri kunja.

Kuyamba kumanzere. Nati yotsekera tayirodi yakunja yauma ndi dzimbiri, yamwa mafuta, yavomera. Pamazinga ndaika chizindikiro ndi penti yam'zikhadabo yomwe Wachisamba anaiwala kubafa. Yofiira. Ndadulanso kawaya kofanana kutalika ndi tayirodi yonse, kuti pobwezera ndisasokoneze matayala n'kumayang'anana ngati maso a mleme.

Pini yawerama, yatuluka ndi pulayasi, yagwa. Kuifuna paliponse, osaiona. Akazi anga akudutsa ndi ndowa aitola pafupi ndi bondo langa lakumanzere. "Iyi?" Simentiyo ndi yotuwa, pini nayo yotuwa. Aliyense ikanamusowa.

Mutu wa tayirodi wakakamira m'bowo mwake. Umafuna kumenya chitsulo cham'mbali, osati pamazinga. Nyundo kamodzi, kawiri. Kachitatu yaphonya, yapeza chala changa chachikulu. Mawu omwe ndinatulutsa sindilemba muno. Nkhuku zonse zinakhala chete.

Aneba amenya kamodzi kokha, twa, watuluka. Ati, "Mwaufewetsa ndinu, ine ndangomaliza." Munthu wabwino.

Chikhadabo chada bii.

Lachinayi, 9 Okutobala

Dzulo msana unakana. Tsiku lonse pamkeka, akazi anga kundithowa ndi madzi otentha, pakamwa osatseka. Za nkhuku adziwa. Ati thumba latsala lotheka. Ndati galimoto ikadzuka mazira apita, chakudya chibwera. Ati, "Nanga inu mukapanda kudzuka?"

Ndadzuka.

Tayirodi yakunja kuipotokola mpaka kutuluka. Labala wakale wong'ambika pansi, m'kati mchenga ndi girizi zasanduka matope. N'chifukwa chake. Kudula zomangira, kumukoka, uyo. Rakendi poyera tsopano. Ili ndi kawashala kopindidwira pamutu pake kuti isamasuke yokha. Kukawongola ndi tchizulo pang'onopang'ono.

Amakaniko ali ndi chitsulo chake chomasulira, chonga paipi. Ine ndilibe, ndipo kukabwereka kwa kazitape uja ndiye ayi. Bobojani basi, chisipanala cha mano chomasulira mapaipi chija. Malo ochepa, dzanja kulowa chammbali, tsaya pasimenti. Chiwongolero kuchikhotetsa mpaka kumapeto kuti raki ituluke. Aneba agwira raki ndi sipanala ya shifiting'i kuti isapotoke, chifukwa ikapotoka ndiye maliro enieni. Kukoka. Zii. Kuwonjezera paipi pa bobojani. Kukokanso, mano kukukuta, m'maso nyenyezi.

Yalira kamodzi, kwee, yamasuka.

Ndinakhala pansi n'kuseka ndekha. Rakendi yakale ukaigwira imangoti lende, ngati khosi la nkhuku yozinga. Yatsopano njolimba, kuipinda mpaka ulimbe nayo. Ndawaitana akazi anga kuti aone. Ndati awa ndiwo maso anga aja. Ayang'ana, ati, "Chabwino. Sambani m'manja mudye."

Yakaleyo ndaiika pawindo la pabalaza. Alendo ena aione.

Madzulo kuyesa yatsopano. Ikulowa pang'ono n'kuima. Kutulutsa, kuyesanso. Kuima. Kuiika pamodzi ndi yakale, kupapasa ndi chala: mazinga osiyana. Wamasipeya wandipatsa za galimoto ina.

Lachisanu, 10 Okutobala

Pabasi, jumbo ya zitsulo pamiyendo. Kondakitala: "Agogo, sunthirani uko." Agogo ake ndani. Dalaivala wake akusintha magiya ngati akuthyola nkhuni. Ndinangotseka maso.

Wamasipeya ati ndi zomwezo, madala, ingokakamizani zilowa. Kukakamiza pa raki! Ndamuikira yakale ndi yatsopano pakauntala, ndati mangitsa nati imodzi pa zonse ziwiri ndione. Yakana. Ati katundu akatuluka sabwerera. Ndati nanenso ndikalowa sindituluka. Ndakhala pabenchi paja, aliyense wolowa kumuonetsa zitsulo ziwirizo mwaulemu. Wachitatu atabwerera pakhomo osagula kanthu, wamasipeya walowa kumbuyo, watuluka ndi zoyenera. Zinalipo nthawi yonseyi.

Ndayesa nati pomwepo. Kulowa ngati mafuta.

Potsika basi ndawombana ndi mayi wina wosenza katundu. Ati, "Simukuona kodi?" Anachokera chakumanzere mwadzidzidzi. Anthu a masiku ano kuyenda ngati akuthawa moto.

Mazira adzaza m'chipinda cha alendo. Waokala waimba kawiri kufunsa.

Loweruka, 11 Okutobala

Lero ndiye ndaseka.

Ndili pansi pa galimoto, miyendo yokha kunja, ndamva nsapato pasimenti. Zonyezimira, mapeyala awiri. Mkamwini ndi wogula wake, bambo wamimba, makiyi akulira m'manja. Kumbuyo Wachisamba.

Galimoto ili pamasitandi, yopanda matayala, matumbo panja. Wogula waizungulira kamodzi. "Ndi imeneyi munkati ili bwinobwino?" Mkamwini kumangokonza tayi yake. Ine pansi pomwepo ndati takulandirani, koma yogulitsa kuno ndi mazira okha, mutenga angati? Bamboyo waseka mpaka kugwira mimba. Wagula thileyi imodzi n'kumapita.

Mkamwini wanjuta kuti andilankhule. Ndati poti mwabwera, patseniko sipanala iyo. Wandipatsa pulayasi. Tayi yake yagwera m'chitini cha girizi. Mulungu amayankha yekha.

Ndamuonetsa rakendi yakale, ndati igwedezeni. Wagwedeza. Ati, "Zoona yatha, bambo. Koma zinthu ziwiri zikhoza kutha nthawi imodzi." Pakamwa pake mpoterera. N'chifukwa anamukwatira mwana wanga.

Iye atapita kukachapa tayi, Wachisamba wakhala pa tayala. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Ati, "Ababa, chipilala sichimva kuwawa. Nanga likadzakhala tsiku la mwana wa munthu?" Misozi mbwe. Mwana yemwe ndinamuphunzitsa ndekha kuyendetsa, pabwalo la mpira, atakhalira pilo kuti aone kutsogolo.

Ndati ndikonza chiwongolero kuti tsiku limenelo lisabwere. Wangogwedeza mutu.

Ntchito sinayende masana onse. Manja kulemera.

Lolemba, 13 Okutobala

Dzulo kutchalitchi wapansi. Akazi anga miyendo yatupa, sanadandaule, zomwe zikupweteka kuposa kudandaula.

Lero kumanga. Washala watsopano, kadontho ka mankhwala omatira pamazinga, rakendi kulowetsa ndi dzanja mpaka kumapeto, kenako bobojani, aneba atagwira raki. Kulimbitsa mpaka chigongono chinene kuti basi. Kupinda washala. Girizi pamutu pake, osaumira. Labala watsopano kuvuta kulowa, wafuna sopo pang'ono ndi mawu okoma. Zomangira. Nati yotsekera, tayirodi yakunja, kuyeza ndi kawaya kanga. Nati yapansi, pini yatsopano, kuipinda miyendo.

Kumanja kwayenda msanga. Dzanja lakumbukira. Bobojani kamodzi kokha.

Matayala. Kutsitsa. Kugwedeza uku ndi uku: nji! Ngati mwala.

Ndakoka ulusi kuchokera kumatayala akumbuyo kufika kutsogolo kuti ndione ngati alunjika. Ulusi woyerawo umandisokoneza, kuoneka uwiri. Aneba ayang'ana m'malo mwanga. Ati lakumanzere latsekula pang'ono. Kubweza. Zokwanira kukafika kwa a alayimenti, olunjikitsa matayala aja, enawo akamaliza ndi makina.

Aneba akana chilichonse. Ndawatumizira mazira. Akazi anga awonjezera tambala.

Thupi lonse kuwawa. Mtima mbee.

Lachiwiri, 14 Okutobala

Kwa a alayimenti, kutsidya kwa tawuni, komwe mkamwini sadziwako munthu. Ati ndinaphonya pang'ono chabe. Akonza. Afunsa wamanga ndani. Ndati garaja ina ya kuseri kwa khola.

Pobwerera msewu waukulu. Mayo ine! Chiwongolero chikumva ngati mwana wolera bwino. Pamabampu zii. Kusiya manja pang'ono, galimoto tolotolo ngati yakokedwa ndi chingwe. Ndinaimba nyimbo, ine amene sindiimba ngakhale kutchalitchi.

Mazira onse apita. Waokala, wa tiyi, amayi a mabanzi. Chakudya cha nkhuku matumba awiri kumbuyo. Akazi anga ndawagulira mafuta opaka miyendo.

Ndamutumizira Wachisamba uthenga: yachira. Wayankha, "Zikomo Ababa. Muziyenda bwino." Kwa mkamwini sindinatumize. Amva kwa mkazi wake.

Nkhalamba, eti? Abwere aone.

Lachitatu, 15 Okutobala

Masana. Kubwera kuchokera kokatenga utuchi wa m'khola.

Geti linali lotsekula. Giya yoyamba, pang'onopang'ono, monga masiku onse. Chipilala ndinachipatsa malo ambiri dala.

Kenako phokoso. Ndowa, khwaa, madzi pagalasi. Buleki.

Akazi anga pansi, kumanzere kwa galimoto. Anatsekula geti ndi iwo, anaima pambali ndi ndowa ya madzi a nkhuku kundidikira ndidutse. Bampala inamenya ndowa, ndowa inawagwetsa. Bondo lasupuka, chigongono chatupa. Phazi lawo ndi tayala, mpata wake chikhatho changa sichikanakwana.

Chiwongolero sichinagwedere. Galimoto inapita pomwe ndinailozetsa.

Ndikuwadzutsa andiyang'ana. "Munandiona?"

Ndati munaima poipa.

Atola ndowa yopindikayo, alowa m'nyumba akutsimphina.

Madzulo Wachisamba waimba. Ndimamva ndili pakhonde. Amayi ake: "Tili bwino. Bondo lokha, ndaterereka kukhola." Za ine sanatchule.

Chakudya sichinalowe.

Lachisanu, 17 Okutobala

Galimoto sinatuluke. Ndati ndikufuna manati akhazikike. Akazi anga ati, "Eya, akhazikike."

Mazira watenga wanjinga yamoto. Waswa asanu. Ndamukalipira koposa mlandu wake.

Lamlungu, 19 Okutobala

Sindinapite kutchalitchi. Ndati msana.

Nyumba ili zii, ndinaima pakhonde. Chikhatho pa diso lakumanzere: geti, chipilala, mzere wa penti yanga pachipilalapo, waya woyanikira, zonse mbee. Chikhatho pa diso lakumanja: utsi. Ngati galasi la lole m'mawa wa chisanu usanalipukute. Geti kungokhala chithunzithunzi. Munthu ataima pamenepo ndinganene kuti ndi thumba.

Kupukuta diso. Kusamba. Kuyesanso. Chimodzimodzi.

Linayamba liti? Diso linzake lakhala likugwira ntchito ya awiri osandiuza.

Rakendi inali yakutha. Imeneyo sindinaname, aliyense anaigwira. Ndaichotsa pawindo paja, ndaiponya m'chitini cha zitsulo.

Mkamwini kunena zoona. Zimenezi ndiye zowawa kuposa chala.

Lachinayi, 23 Okutobala

Masiku onsewa kungozungulira galimoto. Kuitsuka. Kuyeza oyilo yemwe ndinayeza dzulo.

Bondo la akazi anga lauma. Dzulo ndikuwamanga bandeji ati, osandiyang'ana, "Galimoto munapita nayo kokapimitsa. Mwini wake ndiye wachitsulo?" Ndati ndinakuphonyani pang'ono, mayi. Ati, "Ndikudziwa, ndinalipo." Kenako aseka, ine osaseka. Ati anaona kalekale, ndikamathira tiyi pambali pa kapu. Ankadikira ndione ndekha, poti munthu ngati ine ukamuuza kuti kumwamba kuli dzuwa amapita kukafunsa kwina.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndamuimbira Wachisamba ndekha. Ndamuuza zonse, za ndowa zomwe. Nditamaliza ati, "Ababa, ndibwera Lolemba m'mawa."

Mfundo zanga ndamuuza, asadzati sanamve. Tipita pa galimoto yanga, osati yawo. Ayendetsa iyeyo, osati mwamuna wake. Wogula wina akadzaponda pano ndimumasulira tambala wotsalayo. Diso likakonzeka ndibwerera pampando wanga. Likakanika, galimoto ikhala pompano, azidzandiyendetsa iyeyo Loweruka lililonse mpaka atatopa nane.

Ati, "Mwamaliza, Ababa?" Ndati ndikakumbukira zina ndiimbanso.

Lolemba, 27 Okutobala

Kuchipatala cha maso, pabenchi. Anthu ambiri, theka ndi a msinkhu wanga, aliyense akuyang'ana mnzake chammbali ngati nkhuku.

Mpando wa pasenjala ndi wonyansa. Phazi langa limangoponda buleki yomwe palibe. Wachisamba amayendetsa bwino, koma amagonetsa phazi pa kilatchi. Ndamuuza katatu. Kachinayi ati, "Ababa, mukufuna mutsike?" Pamabampu a pachipata cha chipatala wadutsa osachepetsa bwino, kutsogolo zii, osalira ngakhale pang'ono. Wandiyang'ana, ine n'kuyang'ana kunja.

Andiwerengetsa zilembo pakhoma. Lakumanja mpaka pansi, namwino mpaka kuti eee. Lakumanzere ngakhale chachikulu chapamwamba chija, ndangoganizira, ndaphonya. Adokotala, mtsikana wamng'ono kuposa Wachisamba, aunika ndi katochi. Ati ikuoneka ngati ng'ala, yakhwima, koma afuna aone kumbuyo kwa diso kaye asanalonjeze kanthu. Ikakhala ng'ala yokha amachotsa n'kuikamo kagalasi katsopano. Ndafunsa ngati amayamba ayerekeza katsopanoko ndi kakale asanamange. Aseka. Ati amayeza. Ndati muyeze kawiri.

Ndafunsanso za kuyendetsa. Ati tikambirana bandeji ikachoka. Sanati ayi. Wachisamba wamva yekha kuti sanati ayi.

Mkamwini watumiza uthenga wondifunira zabwino. Ndiyankha mawa. Kapena mkuja.

Andidonthezera mankhwala m'maso onse awiri, ati tidikire agwire. Akuluma. Zilembo zayamba kusambira, mzere sindikuuonanso bwino, ndikungolemba mwa chizolowezi. Pobwera ndamva mabuleki akutsogolo akulira pang'ono, tswii, mbali yakumanja. Mapadi amenewo. Aneba asabwere kudzatenga masitandi awo, ndikangotuluka muno ndi...

Akuitana. Wachisamba wandigwira mkono ngati ndine nkhalamba.